Njinga Zatsopano Zokalambitsidwa Dala ku Al Qusais

Jafali Mdoka anabadwira ku Ntaja, m'boma la Machinga, ndipo anayamba kugwira sipanala asanadziwe kulemba dzina lake. Bambo ake ankakonza njinga zakapalasa pafupi ndi msika. Njinga zamoto zitayamba kulowa zambiri kudzera ku Nayuchi kuchokera ku Mozambique, anyamata a kabaza n'kusiya kupalasa, bambowo anagwa nazo mphwayi. Ankati chinthu chomwa petulo sichingakhale bwenzi la mmphawi. Jafali ndiye anazitengera kumtima. Pofika zaka makumi awiri ndi zisanu anali atatsegula injini zachitchaina zosawerengeka, moti ankadziwa vuto la njinga pongomva kulira kwake ikadali kutsidya kwa msewu.

Koma chomwe chinamutchukitsa si kukonza injini ayi, kunali kukongoletsa. Wakabaza akafuna kuti okwera azisankha iyeyo pasiteji, ankapita kwa Che Jafali. Njinga inkalowa yotuwa, yothothoka penti, n'kutuluka ngati mkwatibwi: magalasi anayi, tinyale tabuluu pansi pa thanki, hutala yoimba kanyimbo, chishalo chachitali chokwana mayi, mwana ndi thumba la mpunga. Kumbuyo ankamangako labala wotchinga matope n'kulembapo mawu amene mwiniwake wasankha. Kwa Jafali lamulo la ntchito yake linali losavuta. Chakale chioneke chatsopano, ndipo chotchipa chioneke chodula.

Ku Dubai anapita mu 2019, atakwatira Nafisa ndiponso atabereka mwana wamkazi, Samira. Anapita pa ntchito yoyeretsa mumsika waukulu wa masitolo, ndipo kwa zaka ziwiri ankakankha makina okolopa pansi pomwe panali poyera kale. Manja ake anafewa mpaka iye mwini ankachita nawo manyazi. Tsiku lina masana, akubwerera ku nyumba za kampani, anapeza mnyamata wa ku Pakistani woperekera zakudya ataimika njinga pambali pa msewu, akuiponda kikisitata mpaka thukuta kamukamu. Jafali anamvetsera kawiri, n'kumupempha ndi manja kuti asiye. Anatsegula kabuleta ndi kasikuludiraiva kopezeka pansi pa chishalo, anauzira pakabowo kamene kanatsekeka ndi mchenga, njinga n'kulira. Mnyamatayo sanadziwe chomuthokozera nacho, choncho anamupatsa nambala ya munthu amene kampani yawo inkagulako njingazo.

Munthuyo anali Khalid, bambo wa ku Jordan wa imvi m'mbali, yemwe anali ndi galaja ku Al Qusais, kumene ndege zimadutsa pafupi ndi denga mpaka malata kunjenjemera. Ankaitanitsa njinga ku China m'mabokosi a matabwa, zisanamangidwe, n'kumazigulitsa kwa makampani operekera katundu. Nkhani ya mapepala osinthira ntchito kupita kwa Khalid inatenga miyezi, koma pamapeto pake Jafali anasamukira ku Al Nahda, m'chipinda cha anthu asanu ndi mmodzi, n'kuyamba kumanga njinga zitatu patsiku. Zinali injini zomwe zija za ku Ntaja, zongosiyana maina. Pagalajapo anapezapo Kasuba, wopopera penti wa ku Zambia yemwe anakulira ku Lusaka. Awiriwa ankamvana chilankhulo koma ankakangana pa mawu tsiku lililonse, wina akuti tsopano, wina akuti manje.

Zaka ziwiri zinatha bwinobwino, Jafali akudziwa chomwe akuchita. Chisokonezo chinayamba m'mawa wina Khalid atabwera ali ndi maganizo atsopano. Anati ogulitsa njinga kwa operekera zakudya achuluka, phindu likuchepa, koma mumzinda muno muli azungu ambiri amene amafuna njinga yongoyendera Loweruka kukamwa khofi. Vuto n'lakuti akangomva kuti ndi yachitchaina amakwinya mphuno. Anamugwira Jafali paphewa.

"Habibi, mnzanga, unandiuza kuti kwanu unkakongoletsa njinga. Tenga imodzi, ndakupatsa sabata. Uikongoletse kuti mzungu akaiona asagone."

Jafali anaona ngati wabwerera kwawo. Lachisanu atatuluka mumzikiti anakazungulira m'masitolo a zipangizo ku Sharjah, mzinda woyandikana ndi Dubai, n'kubwera ndi thumba lodzaza. Anauza Kasuba kuti apopere thanki penti yofiira yonyezimira, yokhala ndi malawi agolide. Anaika magalasi anayi aja, tinyale toyaka mosinthasintha, kawayilesi kakang'ono pakati pa mahandulo, ndi zitsulo zowala zotchinga miyendo. Kaliyala anaulimbitsa kuti unyamule ngakhale matumba awiri a simenti. Mahandulo anawavalika mphonje zachikopa. Atamaliza, ogwira ntchito m'magalaja oyandikana anabwera kudzaona, amwenye ndi a ku Bangladesh, onse akugwedeza mitu moyamikira. Mmodzi anafunsa ngati angajambulitse nayo chithunzi choti atumize kwa apongozi ake.

Lolemba Khalid anabwera ndi mayi wina wa ku Johannesburg, dzina lake Lennah, amene ntchito yake inali kuthandiza makampani kudziwa zomwe ogula amakonda. Jafali anavundukula nsalu, anayatsa tinyale, n'kuliza hutala. Lennah anaizungulira njingayo kawiri. Anagwira mphonje, anayang'ana kaliyala, kenako anamufunsa Jafali dzina lake ndi komwe anaphunzira ntchito. Anamuuza mwaulemu kuti ali ndi luso lalikulu, ndipo kuti zonsezi azichotse.

Jafali anaganiza kuti Chingerezi chamuphonya, n'kuyang'ana Kasuba.

"Bakamba kuti uchotse vonse, boyi," anatero Kasuba chapansipansi.

Lennah anatulutsa foni n'kuwaonetsa zithunzi za njinga zimene azungu amazisirira. Jafali anaziyang'ana nthawi yaitali. Zinali njinga zovula. Zinalibe kaliyala, zinalibe zotchinga matope, chishalo chake chinali kachidutswa kopyapyala kokwana munthu mmodzi, mtundu wake ngati nsapato yakale. Kwawo njinga yooneka chonchi ndi ya munthu amene wagulitsa zitsulo chimodzichimodzi chifukwa cha njala. Anafunsa kuti nanga mkazi wa mwini wake azikhala pati. Lennah anayankha kuti sakwera. Anafunsanso kuti katundu aziikidwa pati, ndipo mayiyo anati katundu amapita pagalimoto. Jafali anafuna kufunsa kuti ndiye njingayo ndi yachiyani, koma anaona Khalid akumuyang'ana, n'kungomeza funsolo.

Ntchito yatsopano inayamba tsiku lomwelo. Ankatsegula bokosi, n'kutulutsa njinga yatsopano yonunkhira fakitale, kenako n'kuyamba kuiwononga. Umu ndi mmene iye ankaonera. Ankadula felemu kumbuyo ndi gulainda, ankachotsa mapulasitiki onse ndi nyale yamakono, n'kuikapo yozungulira ya galasi lachikasu yomwe inkawala mochepa kuposa yoyambayo. Zitsulo zonyezimira ankazipaka zakuda. Paipi ya utsi ankaikulunga ndi nsalu yokhuthala ngati mwendo wothyoka. Lennah anapeza telala wina ku Satwa, mmwenye wosoka zikwama, kuti azisoka zishalo zachikopa, ndipo zikafika ankati azisiye padzuwa masiku atatu kuti zisuluke.

Kasuba ndiye anavutika kwambiri. Ankapopera thanki penti yobiriwira yosawala, kuisiya iume bwinobwino, kenako Lennah n'kumupatsa sandipepa kuti akhule m'mbali momwe mawondo amakhudza, mpaka chitsulo chionekere. Tsiku loyamba anakana. Anati wakhala akupopera penti zaka khumi ndi zisanu ndipo sanalembedwepo ntchito yofufuta ntchito yake yomwe. Tsiku lachiwiri anakhula akung'ung'udza. Pofika sabata yachitatu anali atayamba kunyadira kuti mikwingwirima yake imaoneka yeniyeni, ndipo anamufunsa Jafali ngati thankiyo ikuoneka ya zaka makumi atatu kapena makumi anayi.

Lennah anawauzanso kuti achotse zam'kati mwa sailensa kuti njinga izilira kwambiri. Apa Jafali analephera kupirira. Anamufotokozera Lennah kuti kwawo munthu akafika ndi njinga yaphokoso chonchi pamaliro kapena paukwati, anthu amamumvera chisoni, ena amamusonkhera kuti akakonzetse. Lennah anaseka mpaka kupukuta misozi, n'kunena kuti ogula ake amalipira phokosolo. Sanali munthu wonyoza. Ankamvetsera zonse zomwe Jafali wanena, nthawi zina n'kuzilemba m'kabuku, kenako n'kumuuza kuti achite zosiyana nazo.

Chimene chinamusowetsa mtendere Jafali chinali dzina. Zilembo zachitchaina anazichotsa paliponse pomwe lamulo linkalola, ndipo pathanki anamatapo kachitsulo ka mkuwa kolembedwa dzina lachizungu lomwe Lennah anapeka, pansi pake pali chaka cha 1961. Jafali anapita kwa Khalid mu ofesi n'kunena kuti njinga izi zapangidwa chaka chatha, ndipo iye sakufuna kulowa m'bodza. Khalid anakwiya pang'ono. Anati 1961 ndi chaka chimene bambo ake anatsegula kasitolo ka matayala kwawo ku Jordan, choncho si bodza, ndipo pamapepala onse a boma palembedwa kuti njinga ndi ya ku China, aliyense angawerenge. Jafali anatuluka osadziwa ngati wayankhidwa. Atafunsa mnzake wina wa m'chipinda chawo yemwe anaphunzira kwambiri ku madrasa, uja anati zitengera ngati wogulayo akudziwa. Ndiye vuto linali pomwepo, chifukwa Jafali sankadziwa chomwe azunguwo akudziwa.

Panali chinthu chimodzi chimene sanamuuze aliyense kuti akuchita, poti panalibe amene anafunsa. Njinga izi ankazidziwa pomwe zimafera. Mabawuti ake ndi ofewa ndipo amamasuka okha. M'mabering'i a handulo amaikamo girizi wongonyambititsa. Mawaya amalumikizidwa mwachisawawa, kukatentha amasungunuka pansi pa thanki. Choncho njinga iliyonse ikafika m'manja mwake, asanayambe zoidula, ankasintha mabawuti a injini ndi a buleki, kuthira girizi wokwanira, n'kumanganso mawaya onse mwadongosolo ngati tsitsi lolukidwa. Zinkamutengera theka la tsiku. Khalid ankadandaula kuti akuchedwa, iye n'kumangoti inshallah mawa itha.

Njinga zisanu zoyamba zitatha, anapita nazo kukazionetsa panja pa malo omwera khofi ku Al Quoz, Loweruka m'mawa m'nyengo yozizira. Jafali anatengedwa kuti azitsitsa ndi kukweza. Anaima pambali n'kumaonerera. Azungu anabwera ambiri, amuna andevu zosamalidwa bwino, ena ndi akazi awo. Ankasisita malo amene Kasuba anakhula aja ngati akusisita mwana. Palibe amene anafunsa kuti imayenda mtunda wotani ndi lita imodzi, funso limene ku Ntaja ndilo loyamba ndi lomaliza.

Kenako kunabwera bambo wina wachikulire wa ku Holland, wamtali, wovala kabudula. Uyu penti sanaiyang'ane n'komwe. Anagwada pansi, anasuzumira pansi pa thanki, anagwedeza mawaya ndi chala, n'kufunsa kuti wamanga izi ndani. Khalid analoza Jafali. Bamboyo anadzuka, anamupatsa moni wa padzanja, nati anagwira ntchito yokonza makina a sitima zapamadzi zaka makumi atatu ndipo amadziwa dzanja la munthu akaliona. Kenako anafunsa molunjika kuti injiniyi ndi ya kuti.

Jafali anamva maso a Khalid pakhosi pake. Lennah anali pomwepo, kapu ya khofi ili m'manja.

"Ndi ya ku China, bwana," anatero Jafali. "Yonseyi ndi ya ku China. Ndi yatsopano. Zakalezi tachita dala."

Anayembekeza kuti bamboyo achoka, ndipo kuti iyeyo Lolemba adzapeza pasipoti yake, yomwe Khalid ankasunga, ili patebulo, kusonyeza kuti ntchito yatha. Koma bamboyo anangogwedeza mutu, nati zimenezo anadziwa ali patali, aliyense pano akudziwa. Anafunsa zomwe Jafali wasintha m'kati, ndipo Jafali anazitchula zonse, Chingerezi chikamuthera ankaloza ndi chala. Anthu ena anayi anasendera pafupi kudzamvera. Bamboyo anagula njingayo tsiku lomwelo, ndipo wina mwa omverawo anagula yachiwiri.

Madzulo anakwera galimoto kubwerera ku Al Qusais. Jafali ankadzifunsa kuti ngati onse akudziwa kuti ndi yachitchaina ndiponso yatsopano, ndiye akhala akunamiza ndani miyezi yonseyi. Atamufunsa Kasuba, uja anati mwina bazungu bamakonda kuzinamiza beka, ife tingobathandiza.

Lolemba pasipoti sinali patebulo. M'malo mwake Lennah anabwera ndi maganizo ena. Anati analakwitsa kubisa China, ndipo analakwitsa kwambiri kubisa Jafali. Kuyambira tsopano azinena poyera kuti njinga zimachokera ku fakitale ya ku China, koma iliyonse imaphwasulidwa ndi kumangidwanso ndi manja a mmisiri wa ku Malawi. Chaka cha 1961 chinachotsedwa. Pansi pa chishalo chilichonse pazikhala kachitsulo kolembedwa dzina la Jafali ndi nambala ya njingayo. Ntchito ya mabawuti ndi mawaya ija, yomwe Khalid ankati ndi kuchedwa, inalembedwa pamwamba penipeni pa pepala la malonda. Ndipo pafunika zithunzi.

Jafali anasangalala ndi za zithunzizo. Anakameta bwino, anagula shati yoyera ndi nsapato zatsopano, n'kufika pagalaja akununkhira. Wojambula atamuona anayang'ana Lennah. Awiriwo anamuvula shatiyo, n'kumupatsa malaya ake akale ogwirira ntchito ndi epuloni yachikopa imene anali asanavalepo chibadwire. Lennah anatenga oyilo wakuda ndi chala n'kumupaka patsaya ndi pamkono, akupepesa. Anamuuza kuti asamwetulire, ayang'ane injini ngati munthu amene akuganiza zozama. Izi zokha sizinamuvute.

Chithunzicho chinayenda pa intaneti mpaka chinafika ku Ntaja. Nafisa anaimba foni Lamlungu masana, mawu ake ali olemera.

"Bambo a Samira, ngati zinthu zavuta kumeneko, mungonena. Kubwerera kumudzi si mlandu."

Jafali anati zinthu zili bwino kuposa kale, amukweza ndiponso amupatsa chipinda cha anthu awiri okha. Nafisa anafunsa kuti nanga bwanji akuoneka wakuda ndi litsiro pachithunzi cha dziko lonse, ataima pafupi ndi chiphakasa cha njinga chopanda ngakhale madigadi. Anati anyamata a pasiteji akunena kuti Che Jafali ku Dubai akutola zitsulo kudzala. Jafali anayesa kufotokoza kuti njingayo ndi yatsopano, kuti litsirolo anachita kumupaka, kuti wogula mmodzi ndi dokotala ndipo wina amayendetsa ndege. Pamene ankafotokoza ankadzimva yekha kuti zikumveka ngati bodza la munthu wovutika. Nafisa anangoti awapempherera.

Malonda sanaphulike monga Khalid ankalotera, koma anayenda. Pamwezi zinkatuluka njinga zisanu ndi imodzi, nthawi zina zisanu ndi zitatu, ndipo sitolo ina ya ku Portugal inaitanitsa khumi kuti iyese. Izi zinakanidwa padoko chifukwa cha phokoso, choncho Jafali anatumiza masailensa athunthu kuti akabwezeretse. Ena mwa ogula a ku Dubai anabwerera patapita miyezi, akufunsa ngati pangapezeke kachitsulo konyamulira chikwama kumbuyo, ndi chishalo chotalikirapo poti akazi awo ayamba kudandaula. Jafali anapita kuseri kwa galaja komwe ankaunjika zochotsa zija, anazipaka zakuda, Khalid n'kuzigulitsa padera. Lennah anapewa kumuyang'ana Jafali sabata imeneyo.

Chaka chino kwabwera chinanso. Mayi wina wa ku Canada amene anagula njinga nambala 41 anapempha kuti m'malo momukonzera, Jafali amuphunzitse kukonza yekha. Anabwera ndi anzake awiri, kenako asanu. Tsopano Loweruka lililonse m'mawa pagalaja pamakhala anthu asanu ndi atatu, maloya, aphunzitsi, ogwira ntchito m'mabanki, atagwada pa simenti m'kutentha kwa Al Qusais, akuphunzira kusintha oyilo ndi kukunga tcheni. Amalipira kuti adetsedwe manja, ndipo pomaliza amajambula manjawo. Jafali amawaphunzitsa mmene bambo ake ankamuphunzitsira, kulankhula pang'ono, kulanda sipanala munthu akamapotoza bawuti mokhota. Amamutchula kuti tichala. Iye sanakwerepo njinga iliyonse mwa izi pamsewu wa Dubai, chifukwa laisensi ya kuno alibe. Amangoziyesa pabwalo la kuseri, kuchoka pageti kufika pamulu wa matayala, madzulo n'kukwera basi ya ku Al Nahda.

Loweruka lapitalo, akusamba m'manja pampopi, mmodzi wa ophunzirawo, loya wa ku Scotland, anamufunsa kuti atapatsidwa ufulu wosankha njinga iliyonse padziko lapansi angasankhe iti. Enawo anasiya kucheza kuti amve. Jafali anaganiza moona mtima, akupukuta zala chimodzichimodzi.

"Ine ndingasankhe galimoto," anatero. "Yokhala ndi denga ndi mpweya wozizira. Ya mipando isanu ndi iwiri."

Onse anaseka kwambiri, loyayo mpaka kumumenya pamsana, nati tichala ali ndi nthabwala zoopsa. Jafali anawayang'ana mmodzimmodzi, kenako nayenso anaseka pang'ono kuti asaoneke wamwano, n'kupita kukatolera masipanala omwe anasiya mbwee pansi.